Ndinaphunzira Kudekha Poingitsa Mbalame

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata woimirira pamaso panu. Ambiri mumandidziwa, ndine Lameki, uja wa njinga ya dengu lalikulu, wogulitsa usipa ndi utaka pamsika pano pa Khombedza. Achikulire ena ndikukuonani mukumwetulira, chifukwa mukukumbukira dzina lina limene munandipatsa kale, loti Palafini. Musachite manyazi, dzinalo munalondola. Pankangofunika kamoto kakang'ono basi, ine ndayaka. Akulu a mpingo andipempha kuti ndilankhule ndi inu amene mukulimbana ndi mowa ndi ukali m'nyumba zanu. Ndavomera msanga, chifukwa matope amene ena mwa inu mukuponda lero, ine ndinagonamo.

Ndinabadwa ndi mtima wapachala, ndipo ndinkaunyadira. Ndinkati umenewo ndiwo uchamuna. Ndinakwatira Esinati, mwana wa alimi a ku Chitala, munthu wofatsa woti ngakhale nkhuku sizimuthawa. Poti ntchito yanga inali ya nsomba, abale ake anandilola kumutenga chitengwa, kubwera naye kunyanja kuno. Malume ake, a Kachingwe, anandiuza tsiku lomwelo kuti mwana wawoyo akungondibwereka, ndikamusunge bwino. Ine ndinavomera ndi mutu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali.

Malonda ankayenda. Ndikapikula nsomba m'mawa kunyanja, pofika masana dengu lili mbee. Ndiye ndinayamba kumapatukira kwa amayi otcheza kachasu, ati kukatsuka fumbi kukhosi. Fumbilo linali louma mutu, abale, chifukwa linkafuna kutsukidwa tsiku ndi tsiku. Ndikafika kunyumba ndinkafika ndi mlandu m'manja. Madzi osamba akatentha, mlandu. Akapola, mlandu. Esinati akadandaula ndinkamuuza kuti wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, n'kumaseka ndekha ngati ndanena zanzeru. Ndinkamumenya. Ndisakubisireni, pakuti ndikabisa apa ndiye kuti ndabwera kudzakutayitsani nthawi.

Tsiku lina masana ndinali pakhomo, ndikumata chubu cha njinga ndili chiledzerere. Chigamba chinkangomatuka. Esinati anali ataimirira chapafupi, atabereka mwana wathu Tamala, amene anali asanayambe n'kuyenda komwe. Anangonena mofatsa kuti bwanji ndisiye kaye, ndidzamate mawa mutu utapepuka. Mawu ake anali omwewo, panalibe mwano. Ndinatola pampu n'kumugenda nayo. Iye anatembenuka kuti azinde, ndipo potembenukapo anapereka msana. Pampu inamenya mwana pamwamba pa diso.

Magazi amene anatuluka pakamutu kakang'ono kaja sindidzawaiwala. Esinati sanalire, sananditukwane. Anathamanga ndi mwanayo kuchipatala, kumene anamusoka, diso linapulumuka. Koma pochoka kuchipatalako sanabwerere kunyumba. Anauyamba ulendo wa kwawo ku Chitala ndi nsalu yomwe anavala.

Munthu wanzeru akanamutsatira n'kukagwada. Ine ndinatsatira botolo. Sipanapite nthawi, ndinakangana ndi mnzanga Jemusi kunyanja, tikulimbirana beseni la utaka, ndipo ndinamuthyola mkono ndi nkhafi. Pamenepo boma linalowererapo, ndinakalowa kundende. Potuluka ndinapeza njinga inagulitsidwa kuti apepesere Jemusi, nyumba ikudontha, ndipo asodzi akandiona ankaphimba nsomba zawo. Ndinatuma mkulu wanga ku Chitala kukapempha mkazi wanga. A Kachingwe anayankha kuti ndidzapite anthu akamaliza kukolola, ankhoswe adzakhale pansi. Anati akadzaona kuti ndikadali Lameki yemwe uja, ukwati udzathera pomwepo, ndipo mwana ndidzamuiwale.

Ndinkamufuna Esinati, ndinkamufuna Tamala. Ndikati ndiganize zoti mwana wanga adzakula akuitana munthu wina kuti bambo, nsima ndinkaisiya m'mbale. Koma sindinkadziwa kuti munthu amasintha bwanji mtima. Kundende ndinalumbira kambirimbiri, ndipo kulumbira konseko kunkatha munthu akangondiponda chala.

Njala inandithamangitsira ku sikimu ya mpunga ku Chinguluwe. Kumeneko mayi wina wamasiye anandilemba ganyu yoingitsa mbalame, malipiro ake mpunga pokolola. Inu a kumtunda mwina simuidziwa ntchitoyi. Mpunga ukatulutsa ngala n'kuyamba kuchita mkaka, mpheta zimabwera mtambo wathunthu. Ndiye pakati pa munda amamanga nsanja, n'kumangirirapo zingwe zopita m'mbali zonse, ndipo pazingwepo amapachika zibekete zoikamo timiyala. Woingitsa amakhala pansanjapo kuyambira kukucha mpaka mbalame zitapita kokagona, akaona mbalame n'kukoka chingwe. Ndi ntchito ya ana. Ine bambo wandevu, amene ndinkatchuka ndi belu la njinga, ndinakakhala pansanja ngati nyani.

Ntchitoyo ndinaigwira monga ndinkachitira chilichonse, mwaukali. Mbalame imodzi ikangodutsa, ine zingwe zonse gwedegwede, kukuwa, kutukwana mpheta ndi makolo ake omwe. Zikatera kumapeto kwa munda ndinkadumpha pansanja n'kuzithamangira ndi zibuma, ndikupondaponda mpunga womwe ndinalembedwa kuti ndiuteteze. Dzuwa likafika pamutu mawu anali atatha, mikono ili lende. Tsono mbalame zija zinazolowera phokoso langa. Zinkangodumpha pang'ono n'kuteranso, zina mpaka kutera pachingwe penipeni n'kumandiyang'ana. Mayi wamasiye uja atabwera kudzaona munda wake anagwira pakamwa. Anandiuza kuti zikapitirira chonchi andichotsa, aitane mdzukulu wake.

Munda woyandikana ndi wathu unali wa a Saidi, bambo wachisilamu wa kunyanja konkuno, wowonda, wa kofiya yoyera. Ana awo anali atakula n'kupita m'tauni, choncho ankadzilondera okha. Bambo ameneyu ankandikwiyitsa osandilakwira kanthu. Tsiku lonse anali khale pansanja yawo, msana uli chilili, manja pamaondo, ngati munthu amene akuyembekezera kujambulidwa. Osakuwa, osatukwana. Mwa apo ndi apo ankakoka chingwe kamodzi kokha, mtambo wonse wa mpheta n'kubwerera m'mwamba. Ngala za m'munda mwawo zinali zolemera, zowerama, pamene zanga zinali zitayamba kuyera ndi mankhusu.

Ndinaganiza zimene aliyense wa inu akanaganiza. Ndinati mkuluyu anatsirika munda. Ndinasunga tiusipa touma timene ndinapemphetsa kwa mlongo wanga, n'kupita nato kunsanja kwawo. Nditapereka moni ndinalankhula monong'ona kuti andigawireko mankhwala a mbalamewo, ndipo ngati ali nawonso ena oziziritsa mtima wa mkazi amene anathawa, andithandize. A Saidi anaseka mpaka kofiya inapendekeka. Kenaka anati mankhwalawo alipo ndithu, ndibwere mawa m'mamawa mbalame zisanadzuke, usipawo ndikadye ndekha chifukwa ndikuoneka kuti ndikuufuna kuposa iwo.

M'mawa mwake ndinakwera pansanja yawo. Ndinkayembekezera kanyanga kapena mizu. Iwo anangondilozera pamphasa.

"Khalani apa. Wongolani msana, koma musaumitse ngati msilikali. Manja pamaondo. Maso musatseke onse, mungagone, ingoyang'anani pansi patsogolo panu. Tsopano mverani mpweya wanu pamene ukulowa m'mphuno ndi pamene ukutuluka. Musaukoke, musaukankhe, umadziwa wokha njira."

Ndinakhala. Ndinadikira. Kenaka ndinafunsa kuti nanga mankhwala aja abwera nthawi yanji.

"Ndi omwewa mukumwawa," anatero a Saidi.

Ndinamva ngati andipusitsa, ndipo pang'ono ndikanatsika. Koma anandigwira ndi nkhani yawo. Anati iwo kale anali khukhi wa Mmwenye wina wa sitolo ku Salima. Bwana wawoyo m'mawa uliwonse asanatsegule sitolo ankakhala pamkeka chete, ndipo a Saidi kwa nthawi yaitali ankayesa kuti wakwiya ndi tiyi. Atalimba mtima n'kufunsa, bwanayo anawaphunzitsa. Lamulo litabwera loti Amwenye achoke m'matauni ang'onoang'ono apite m'mizinda ikuluikulu, antchito anzawo anatsala ndi mapoto ndi mipando. Iwo anati anatsala ndi kukhala chete kumeneku, ndipo mipando ya anzawo ija inathyoka kalekale.

Ndinawafunsa ngati zimenezi si mapemphero a Amwenye kapena a Chisilamu, pakuti ine ndine Mkhristu, ngakhale kuti nthawi imeneyo kutchalitchi ankangondionera pamaliro. Anandiyankha kuti swala yawo amaswali payokha, nthawi yake ikakwana, ndipo ine ndizipemphera monga amapempherera kwathu. Anati mpweya ulibe mpingo. Pambuyo pake ndinakafunsanso akulu a mpingo wathu, ndipo anandiuza kuti kukhala chete pamaso pa Mulungu sanakuletsepo munthu, chimene amaletsa ndi kugenda mkazi ndi pampu.

Tsono musaganize kuti ndinangokhala pansi n'kusanduka mngelo. Masiku oyamba anali ozunza kuposa kuthamangitsa mpheta. Ndikati ndimvere mpweya, mwendo wachita dzanzi. Ndikaukonza mwendo, pamsana payabwa. Nyerere imodzi yokha inkandiyenda pakhosi ngati ng'ombe. Tsiku lina ndinasinza mpaka kutsala pang'ono kugwera m'madzi a m'munda. Koma choopsa chinali m'mutu. Sindinkadziwa kuti m'mutu mwanga muli msika wotere. Ndikangopuma kawiri, ndili kale kunyanja ndikukangana ndi Jemusi. Ndikabwerako, ndili ku Chitala ndikuyankha a Kachingwe mawu amene sananene n'komwe. Kenaka ndili kwa amayi a kachasu, ndikumva ndi fungo lomwe.

Ndinawauza a Saidi kuti ine zandikanika, mutu wanga ndi woonongeka. Anandifunsa kuti ndadziwa bwanji kuti maganizo anathawa. Ndinati ndinangozindikira kuti ndili kutali. Iwo anati kuzindikirako ndiye ntchito yake, palibenso ina. Maganizo akathawa, uwaone kuti athawa, ubwerere ku mpweya, osadzikalipira. Akathawanso, ubwererenso. Anati mbuzi yothawathawa ukamaimenya pobwera nayo kukhola, mawa imathawira kutali. Mawu oti osadzikalipira aja anandivuta kwambiri, chifukwa ine ndinkadziwa njira imodzi yokha yokonzera zinthu, ndiyo kukalipa.

Ndinapitiriza, poti ndinalibe kwina kopita. M'mawa ndinkakhala nawo pang'ono, kenaka n'kupita pansanja yanga n'kukayesa ndekha. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kumva zinthu zimene phokoso langa linkaphimba. Mpheta zikamabwera zambiri zimamveka zisanaoneke, mapiko ake amachita ngati kamvula kakubwera patali. Zikafika sizitera nthawi yomweyo, zimazungulira kaye n'kutsika. Ukakoka chingwe zili m'mwamba, waononga mphamvu. Ukakoka zitatera kale, zadya. Koma ukakoka pamene zikutambasula timiyendo kuti zitere, zimadzidzimuka zonse n'kupita kutali. A Saidi analibe nyanga, abale. Ankangokhala ali pomwepo, maso ndi makutu zili pamunda, pamene ine thupi linali pansanja koma mwini wake ali ku Chitala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndinaonera pa mpheta.

M'masiku omwewo a Saidi anandifunsa funso lachilendo. Anati ukali wanga umayambira pati m'thupi. Ndinati suyambira paliponse, umangofika basi, ndimazindikira nditamenya kale. Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti palibe mlendo amene amafika osadzera panjira, ndizimuyang'anira.

Mlendoyo anabwera tsiku lina dzuwa litakwera. Mukudziwa mmene zilili, khadi la chipani ndi lofunika kuyenda nalo paliponse. Anyamata a chipani anafika m'sikimu akuyendera makadi, ndipo wina anali atawatsina khutu kuti kuli amuna awiri amene amakhala chete m'mawa ngati akupemphera mobisa. Anaganiza kuti mwina ndife a mpingo uja unaletsedwa, wokana kugula makadi. Anatiitana tonse awiri kuti titsike. A Saidi anaonetsa khadi lawo, ine ndinatulutsa langa m'thumba la malaya n'kuwapatsa. Zikanathera pomwepo, koma mmodzi wa iwo anandizindikira. Anali mnyamata woti ndikanatha kumunyamula ndi dzanja limodzi. Anandiyandikira n'kundigogoda pamphumi ndi chala.

"Si iwe Palafini, mkaidi uja? Mkazi anakuthawa, tsopano ukulimbana ndi mbalame. Ukamatseka maso umapempherera ndani?"

Anzake anaseka. Apa ndiye ndikufuna mumvetsetse, chifukwa moyo wanga unatembenukira pamenepa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinauona ukali ukubwera. Unayambira kumbuyo kwa khosi, kutentha ngati wina wandiyandikizira muuni. Kenaka unatsikira m'phewa la kumanja. Mano anagwirana. Ndinamva zala zanga zikupindika chimodzichimodzi, ndipo m'mutu munabwera mawu oti, mmenye pakamwa pomwepo. Zonsezi kale zinkachitika mumdima, ine n'kudzidzimuka munthu ali pansi. Tsiku limenelo ndinaziona ngati mmene ndinkaonera mpheta zikuzungulira.

Ndinafunafuna mpweya wanga. Ndinaupeza uli wothamanga, wotentha, koma unalipo. Ndinaumvera ukulowa. Ndinaumvera ukutuluka. Chala cha mnyamata uja chinandigogodanso, moto unakweranso, ine ndinabwereranso ku mpweya. Sindinalimbane nawo ukaliwo, sindinaumeze. Ndinangouyang'ana uli m'khosi ndi m'dzanja. Ndipo abale, chinthu chimene sindinkachidziwa n'chakuti ukali umatopa. Unakwera, unafika pamene unafika, kenaka unayamba kutsika wokha. Zala zinamasuka. Ndinamuyankha mnyamatayo kuti inde ndine ndemwe, ndinalakwa ndipo ndinalangidwa, tsopano ndikulondera mpunga wa amayi awa. Anandiponyera khadi langa pansi, n'kumapita ndi anzake.

Mukudziwa nokha kumene ndikanapita ndikanamenya mnyamata wa chipani ali pantchito yake. Sikukanakhala kundende kwa akuba nkhuku ayi, ndipo ku Chitala sakanandionanso. Nditatola khadi lija ndinakhala pansi pamzere wa munda. A Saidi anakhala pambali panga.

"Mwamuona mlendo uja?"

"Ndamuona. Amadzera kukhosi."

"Alihamudulila. Tsopano mukumudziwa njira yake."

Pamenepo ndinalira, ine Palafini, kulira kwa mwana. Sindinkalirira mnyamata uja. Ndinkalira chifukwa ndinazindikira kuti tsiku la pampu lija mpata umenewu unalipo, pakati pa mawu a Esinati ndi dzanja langa, ndipo ine sindinauone. A Saidi sananditonthoze, anangokwera pansanja yanga n'kumandikokera zingwe mpaka nditamaliza.

Kuyambira pamenepo ndinagwira njira imeneyi ndi manja awiri, ndipo ndikuuzeni mmene ndinachitira kuti wofuna ayese. M'mawa ndisanalankhule ndi munthu ndimakhala kaye pansi, nthawi yake ngati yophitsira madzi a tiyi. Musayambe ndi nthawi yaitali, mungadane nazo. Malo alionse ndi abwino, pakhonde, pansi pa mtengo, bola msana uwongoke. Chachikulu n'kuchita tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mtima uli bwino, chifukwa denga safolera mvula ikugwa. Ndipo masana, ndikamva khosi layamba kutentha, ndimatseka pakamwa, ndimafunafuna mpweya, ndimayankha moto utatsika.

Ludzu la kachasu ndinalichita chimodzimodzi. Langa linkabwera dzuwa likapendeka, limayambira pansi pa lilime n'kutsikira m'mimba. Ndinkakhala pansi n'kuliyang'ana, nalonso limakwera n'kutsika. Koma ndinagwapo, ndisaname. Titakolola, mayi wamasiye uja anandipatsa mpunga wanga mokondwa, ndipo ine pokondwerera ndinapatukira kumene ndinkapatukira kale. Ndinadzuka m'ngalande, manyazi ali thoo. Ndinapita kwa a Saidi ndikuyembekezera kuti anditaya. Iwo anangoti mbuzi yathawa, ibwezeni kukhola, musaimenye. Ndinabwerera ku mpweya wanga, ndipo kuchokera tsiku limenelo njira ya kwa amayi a kachasu ndinaisiya, ndimazungulira ngakhale kutalike.

Ndinapitanso kwa Jemusi. Kukhala chete kumakuonetsa ngongole za mumtima zimene wakhala ukuzithawa. Mkono wake unapola mokhota, sankatha kunyamula dengu lolemera. Ndinamupepesa. Ndinayamba kumamunyamulira nsomba zake kuchokera kunyanja kukafika pamsewu, iye osandilankhula. Patapita nthawi anayamba kundipatsa moni, kenaka anandibwereka njinga yake yakale kuti ndiyambirenso malonda. Lero timapikula limodzi.

Tsiku la ku Chitala linafika. Tinakhala pabwalo la nyumba ya apongozi, ine ndi mkulu wanga mbali iyi, a Kachingwe ndi abale a Esinati mbali inayo. Esinati anakhala pamkeka chapatali, Tamala ali pamiyendo pake. Mwanayo anali atayamba kuyenda ndi kulankhula, ndipo ine sankandidziwa. Chipsera chinali pomwepo pamwamba pa diso, choyera, chodula nsidze pakati. Mlamu wanga Yohane, mchimwene wake wa Esinati, ndiye anatenga bwalo. Ananditchula chidakwa, mkaidi, wopha ana. Anaimirira n'kudzandiloza m'maso, malovu ake akundigwera. Moto unabwera kangapo konse, ndipo ndinaudikira kuti utsike. Atatopa ndinayankha kuti zonse wanenazo n'zoona, ndilibe chodzitetezera, ndangobwera kudzapempha.

A Kachingwe anafunsa Esinati maganizo ake. Iye anati nthawi yonse imene Yohane ankalankhula sankamvera mawu anga, pakuti mawu okoma ndinali nawo kuyambira kale. Ankayang'ana manja anga, ndipo anaona kuti ali pamaondo, otambasuka. Anati ayesako. A Kachingwe anandichenjeza kuti dzanja langa likadzangokwera kamodzi, adzabwera okha kudzamutenga.

Tinabwerera kunyanja atatu. Moyo sunakome tsiku limodzi. Tamala ankabisala kumbuyo kwa mayi ake, ndipo Esinati ndikangodzuka mofulumira pampando ankadzidzimuka. Zinkandipweteka, koma ndinadziwa kuti ndinabzala ndekha. Ndinapitiriza kukhala chete m'mawa uliwonse pakhonde. Ndipo zabwino zinayamba kubwera zimene sindinazipemphe n'komwe. Tulo ndinayamba kugona tokoma. Chakudya ndinayamba kuchimva kukoma, ndinadabwa kuti mkazi wanga amaphika bwino chonchi zaka zonsezi ine ndikungomeza. Munthu akamalankhula ndinayamba kumumvera mpaka amalize, ndipo ndinapeza kuti anthu ambiri sakhala akukunyoza, amakhala akungonena zawo. Ngakhale pamalonda, wogula akanyoza nsomba zanga ndimaseka naye, mapeto ake amagula. Tamala anayamba kumabwera kudzakhala pambali panga m'mawa, akuyesa kuwongola kamsana kake, kenaka n'kuyamba kundikoka ndevu.

A Saidi anatisiya chaka chathachi, Mulungu awalandire. Ndinapita kukawaperekeza, ndinaimirira kumbuyo kwa Asilamu anzawo, ndipo ndinawathokoza chamumtima. Ine lero ndine munthu wokhutira. Sindine wolemera, njinga yanga mukuidziwa kulira kwake, ndipo khosi limatenthabe nthawi zina. Koma pakhomo panga pamamveka kuseka, ndipo ana amathamangira kumsewu kudzandichingamira.

Mwina wina akufunsa kuti kodi mkazi amene unamuzunza amadzakukhulupiriranso liti. Sindingakuuzeni za wanu, ndikuuzani za wanga. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha, Esinati ali pakhomo, tinaonjezanso mwana wina. Ine ndinkayesa kuti nkhani inatha kalekale. Tsiku lina ndikuchokera kumsika masana ndinamupeza m'nyumba atagwada pafupi ndi bedi, patsogolo pake pali phukusi la chitenje. Munali madiresi ake awiri, tizovala ta Tamala timene tinali titamuchepera kale, ndi kabulangete. Mtima wanga unagwa. Ndinaima pakhomo, ndinapuma, kenaka ndinafunsa.

"Amake Tamala, ndalakwanso chiyani? Mukupita?"

Iye anandiyang'ana n'kumwetulira.

"Phukusi ili ndinalimanga tsiku limene ndinabwera kuchokera ku Chitala. Lakhala pansi pa bedi nthawi yonseyi, kuti tsiku limene mudzakweze dzanja ndidzangonyamula. Sindikumanga ayi, bambo a Tamala. Ndikumasula."

Ndinamuthandiza kuyanika zovalazo pachingwe, chifukwa zinali zitayamba kununkha chinyezi.

Abale anga, ena mwa inu pansi pa bedi lanu pali phukusi lotere, ndipo simukudziwa. Mawu anga athera pamenepa. Tisanaimbe nyimbo, ndikupempheni kuti tonse tiwongole misana, tiike manja pamaondo, tikhale chete pang'ono.